Kapaipi kolumikizira migolo yosefera ndi kamene kakuwotcha mapampu anu

Chilimwe chino ndayendera alimi angapo amene ayamba kulera mbewu ya chambo ndi ya mlamba m'matanki, ena ku Chingale, ena cha ku Malosa ndi ku Thondwe, ndipo ambiri ndawapeza ndi dandaulo limodzi: pampu yapsa, pansi pasanduka dziwe, tinsomba tayandama mimba m'mwamba. Aliyense akuti mapampu a masiku ano ndi achinyengo. Pampu ilibe mlandu. Vuto lili pa kapaipi kamene mwalumikizira migolo yanu yosefera madzi.

Ganizo lowonjezera mgolo wachiwiri ndi labwino, sindikulitsutsa. Nsomba zikachuluka mgolo umodzi wa malita 200, umene ena amautcha sampu, umachepa. Woyamba uzilandira madzi akuda ochokera m'thanki kuti ndowe ndi zotsalira za chakudya zidikhe pansi, wachiwiri ukhale ndi timiyala kapena ukonde wakale momwe mabakiteriya ochotsa amoniya (poizoni amene nsomba zimatulutsa m'madzi) amakhalamo, ndipo pampu izitunga mmenemo kubwezera kwa nsomba. Mpaka apa zili bwino. Koma kenako munthu amatola chidutswa chotsala cha paipi ya 20mm, yomweyo imene yachokera ku pampu, n'kuboola nayo migolo iwiri ija. Ukamufunsa amati madzi otuluka ndi paipi yotere ayenera kudutsanso pa paipi yotere.

Ayi ndithu. M'paipi ya pampu madzi amachita kukankhidwa ndi mota. Pakati pa migolo palibe chokankha. Madzi amayenda okha, chifukwa choti mu mgolo woyamba akwera pang'ono kuposa mu wachiwiri, basi. Mphamvu imeneyo ndi yochepa kwambiri. Tengani pampu yotunga malita 2,000 pa ola: pa mphindi iliyonse ikuchotsa malita 33, ndowa ya malita 20 imadzadza m'masekondi 36. Kapaipi ka 20mm, madzi m'migolo atasiyana ndi chikhatho chimodzi, sikangadutsitse ngakhale theka la madzi amenewo. Ndiye woyamba umangokwera, wachiwiri umangotsika. Pakapita mphindi zochepa uku kwasefukira, uku pampu ikukoka mpweya, ikulira ngati chigayo chopanda chimanga. Pampu zoviika zimazizira ndi madzi omwewo amene zikutunga. Madzi akatha imatentha, n'kupsa.

Ndipo zimenezi sizichitika tsiku loyamba ayi, n'chifukwa chake anthu sakhulupirira. Tsiku loyamba mumakhala mwachepetsa valavu, paipi ndi yoyera, zonse zikuyenda. Pakatha milungu m'kati mwa kapaipi mwamera ndere, kankhono kakhazikika pakamwa pake, tsamba lagweramo. Pa paipi yaikulu zimenezi sizikanamveka. Pa kakang'ono ndi chitseko.

Bambo wina wa ku Chingale anandiimbira m'mamawa kuti ndifike msanga. Ndinawapeza atapinda buluku mpaka m'mawondo, akutsanulira madzi panja ndi beseni, pampu ili pa njerwa ikununkha waya wopsa. Akuti, "Alangizi, musandiuze za paipi. Ine ndakhala ndikuthirira dimba ndi paipi yomweyi chikhalireni." Ndinati bambo, ku dimba madzi amachokera kumtunda kwa phiri, pano akuchokera pa chikhatho. Sanandiyankhe. Tinazula kapaipi kaja ndipo nditakaloza kudzuwa, kuwala kunangotulukira pa kabowo koti chala chaching'ono sichingalowe, kwinako kuli ndere yoterera ndi tizigoba ta nkhono titatu. Mayi a pakhomopo anangoti, "Ndinawauza kuti madziwa akuchedwa." Tinsomba timene tinafa usiku umenewo tinadzadza mbale ya nsima, ndipo tinali titangotsala pang'ono kuti tikagulitsidwe kwa alimi a maiwe.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'choti kutayika sikuthera pa pampu. Madzi akasiya kuyenda kwa maola ambiri, mabakiteriya a m'sefa amasowa mpweya n'kuyamba kufa, ndipo kuti achulukenso pamatenga milungu ingapo, kawirikawiri mwezi kapena kupitirira. Nthawi yonseyo amoniya akukwera m'thanki, nsomba zotsala zikupumira pamwamba, sizikudya, ndipo mlimi akuwonjezera chakudya poganiza kuti zadana ndi chakalecho. Kutentha kwa Okutobala kumawonjezera moto, pakuti madzi ofunda amasunga mpweya wochepa.

Ena akaona kuti mgolo woyamba ukusefukira amathamangira kugula pampu ina yoti izikoka kuchokera mu woyamba kupita mu wachiwiri. Chizolowezi chimenechi chithe. Mapampu awiri, ngakhale atachokera m'katoni imodzi, satunga mofanana, ndipo pakutha pa tsiku umodzi mwa migolo udzasefukira basi. Enanso amangokoloweka paipi yofewa pamwamba pa milomo ya migolo kuti izikoka yokha monga timachitira potsitsa mafuta m'galimoto. Kampweya kamodzi kakalowa pamwamba pa uta wa paipiyo, kukoka kwatha, ndipo zimakonda kuchitika usiku inu muli mtulo. Ngakhale anthu osunga nsomba za m'nyanja ya mchere m'magalasi, amene amalumikiza masampu awiri kapena atatu pansi pa kabati, lamulo lawo ndi lomweli: pampu yobwezera imodzi, kumapeto, ndipo zolumikizira zikhale zazikulu. 

Pa mtengo musandinamize. Chidutswa cha paipi ya 50mm chotalika ngati mkono n'chotchipa kutalitali poyerekeza ndi pampu imodzi. Komanso dziwani kuti paipi ikakula kawiri m'mimba mwake, njira ya madzi imakula kanayi: ya 50mm ndi njira zinayi za 25mm, ndipo pa ya 20mm ndi zopitirira zisanu ndi imodzi.

Zoti muchite mwachidule. Lumikizani ndi 50mm kapena 63mm, mapaipi awiri osati imodzi, ina cha m'munsi koma osati pansi penipeni pamene pamadikha ndowe, ina cha kumtunda yongodikira tsiku limene yoyamba yatseka. Ikhale yaifupi, yopanda makona. Pobowola mgolo gwiritsani ntchito chomangira cha labala chimene mapulambala amati tank connector, guluu yekha sagwira pa pulasitiki ya migolo ya buluu ija. Migolo ikhale pa simenti imodzi, milomo yofanana. Mukatha, zimitsani pampu dala muone pamene madzi obwerera afika, chifukwa magetsi akathima adzachita chimodzimodzi. Akafika pafupi ndi mlomo pungulani, ndipo lembani mzere ndi penti pamene madzi azilekezera pampu ikuyenda. Madzi ouma ndi dzuwa amaonekera mu mgolo wa pampu, choncho muziuyang'ana m'mawa uliwonse. Loweruka lililonse lowetsani kamtengo m'mapaipi onse awiri.