Momwe mungasankhire zida za kompyuta ya magemu ndalama zili zochepa kuno ku Mulanje

Mphwanga wa ku Chitakale anasunga ndalama chaka chathunthu, zina za maganyu a patchuthi, zina zogulitsa nanazi pamsewu. Tsiku lina madzulo anafika kwathu foni ili m'manja. "Amalume, khadi lija ndalipeza, taonani." Pachithunzipo panali graphics card (khadi lotulutsa zithunzi za gemu pa sikirini) ya mafani atatu, yowala mitundumitundu, ndipo mtengo wake unali pafupifupi ndalama zonse zimene anali nazo. Ndinamufunsa kuti zotsalazo agulira chiyani cholidyetsa magetsi. Anati power supply (bokosi logawira magetsi zida za m'kati mwa kompyuta) iliyonse ikwana, bola kompyuta iyake.

Ndinamukhazika pansi chifukwa mawu amenewo ndinawanenapo inenso. Kompyuta yanga yoyamba inafa m'nyengo ya mvula. Magetsi anali atazima masana onse, atangobwera ndinamva kuti "pha!" kuseri kwa tebulo, kenako fungo la pulasitiki yopsa linadzaza chipinda. Power supply yotchipa yopanda dzina inapita, ndipo inatenga motherboard, bolodi lalikulu limene zida zonse zimalumikizidwapo, popita. Ndiye zimene ndinamuuza mphwanga usiku umenewo ndi zimene ndalemba pano, motsata ndondomeko imene ndimaigwiritsa ntchito ndekha.

Choyamba, lembani magemu amene muzisewera ndi sikirini imene muli nayo

Tengani pepala. Lembani magemu atatu kapena anayi amene mudzawatsegule tsiku ndi tsiku. Ambiri kuno ndi mpira: EA Sports FC, imene tonse timaitchulabe FIFA, kapena eFootball. Ena GTA V, ena Fortnite. Kenako fufuzani zimene opanga gemuyo amafuna. Mwachitsanzo, EA Sports FC 24 imayamba kuyenda ndi RAM (mmene kompyuta imasungamo zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo) ya 8GB ndi khadi la GTX 1050 Ti kapena RX 570, koma eni ake amalangiza 12GB ndi GTX 1660 kapena RX 5600 XT. Imafunanso malo okwana 100GB. Mukaona manambala amenewa mudzazindikira kuti khadi la mafani atatu lija silofunika pa mpira.

Sikirini nayo imalamula. Ngati muzilumikiza pa TV ya pabalaza kapena monita ya 1080p, musalipire mphamvu ya 4K imene maso anu sadzaiona. Yang'anani kumbuyo kwa sikiriniyo ngati kuli polowetsa HDMI kapena DisplayPort. Mamonita akale a mu ofesi ambiri ali ndi VGA yokha, ya buluu ija, pamene makhadi atsopano alibe VGA.

Chachiwiri, patulani ndalama za magetsi musanakhudze china chilichonse

Apa ndipo ndimasiyana ndi malangizo ambiri a pa YouTube. Amene amajambula mavidiyo amenewo amakhala kumene magetsi sazimazima, ndipo mphenzi za m'mbali mwa phiri la Mulanje sanazionepo. Ife tiyenera kuyamba ndi power supply.

Pa kompyuta ya ndalama zochepa, ya 550W kapena 650W ndi yokwanira. Gulani yatsopano, ya kampani yodziwika monga Corsair, Seasonic kapena Cooler Master, yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze. Chizindikirochi chimangonena kuti siiwononga magetsi ambiri, sichilonjeza kuti siingapse, koma zopanda dzina zambiri sizikhala nacho n'komwe. Musakhulupirire nambala yaikulu yolembedwa pakatoni. Tembenuzani power supply, muwerenge pepala lomatidwa pambali pake, mupeze pamene palembedwa +12V. Nambala ya ma ampere imene ili pansi pakepo muichulukitse ndi 12. Ikakhala 45A, ndiye kuti 540W, ndipo imeneyo ndiyo mphamvu yeniyeni imene pulosesa (ubongo wa kompyuta) ndi khadi zizigawana. Ndinaonapo ina yolembedwa 600W pakatoni koma pa +12V pali 18A, kutanthauza 216W basi. Inyamuleninso m'manja. Ikapepuka ngati chitini chopanda kanthu, ibwezeni pashelefu.

Onetsetsani kuti ili ndi chingwe chakechake cha mapini 8 cholowa pa graphics card. Timawaya tolumikizira tija totenga magetsi pa chingwe cha SATA timatentha, ndipo tasungunulapo makompyuta a anthu.

Kenako ganizirani za pakhoma. Kachida kamene timati TV guard kapena fridge guard kamathandiza chifukwa kamadikira kaye magetsi akangobwera, n'kuwalola kudutsa akakhazikika. UPS, bokosi la batire limene limayendetsabe kompyuta magetsi akazima, ndi yabwino koposa, koma samalani ndi nambala zake. Imalembedwa mu VA, ndipo ya 650VA kawirikawiri imanyamula pafupifupi 360W. Pa kompyuta ya magemu ndi monita yake, imeneyo imakhala pamalire; ya 1000VA kapena kuposa ndiyo imapereka mpata. Ntchito yake ndi kukupatsani mphindi zochepa zoti musunge gemu n'kuzimitsa bwino, musayembekezere kumaliza nayo ligi. Ndipo kukayamba kugunda chakuphiri, zulani pulagi pakhoma. Palibe guard kapena UPS imene ingaime pamaso pa mphenzi.

Ndicho chifukwa ndinamuuza mphwanga kuti walira mvula walira matope. Khadi lalikulu limafuna power supply yaikulu, UPS yaikulu, komanso mayunitsi ambiri mwezi uliwonse.

Chachitatu, pulosesa, motherboard ndi RAM musankhe pamodzi

Zitatuzi ndi banja limodzi, chimodzi chikalakwika zinazo sizigwira. Pulosesa iliyonse ili ndi soketi yake, malo amene imakhalapo pa motherboard. Kwa munthu wa ndalama zochepa pali njira ziwiri zimene ndimazidalira.

Ya AMD ndi soketi ya AM4. Pamenepo pamalowa Ryzen 5 3600 ya 2019 kapena Ryzen 5 5600 ya 2022, zonse za ma core 6 ndipo zolembedwa 65W. Motherboard yake ndi A520, B450 kapena B550. Pa B450 pali msampha: ina imafuna BIOS (pulogalamu ya m'kati mwa motherboard) yatsopano kuti izindikire ma Ryzen 5000 monga 5600. Funsani wogulitsa ngati inasinthidwa kale, ndipo ngati angathe, aiyatse inu mukuona. Safunsa anadya phula.

Ya Intel ndi soketi ya LGA1700, ndi Core i3-12100F kapena Core i5-12400F pa motherboard ya H610 kapena B660. Musainyoze i3 imeneyi chifukwa cha dzina. Pa magemu imaposa ma i7 ambiri akale amene amagulitsidwa modula chifukwa cha nambala 7. Chilembo F chikutanthauza kuti pulosesayo payokha siitulutsa chithunzi, imafuna graphics card. Ryzen 5 3600 ndi 5600 nazonso zili choncho.

Ngati ndalama za khadi sizinakwane, pali Ryzen 5 5600G, imene ili ndi mbali yotulutsa zithunzi mkati mwake. Imayendetsa eFootball ndi GTA V mukatsitsa zokongoletsa za gemu, ndipo khadi mudzawonjezera chaka chamawa osataya chilichonse. Njira imeneyi ndimaikonda kwambiri kwa ana asukulu, chifukwa kompyuta imayamba kugwira ntchito ya maphunziro lero lomwe.

RAM gulani 16GB, koma ikhale timitengo tiwiri ta 8GB, DDR4 ya 3200. Tiwiri timayenda mofulumira kuposa kamodzi ka 16GB, ndipo pa 5600G kusiyanako kumaoneka ndi maso. AM4 imalandira DDR4 yokha. Ma motherboard a LGA1700 alipo a DDR4 ndi a DDR5, ndipo ziwirizi sizilowana, choncho werengani pakatoni. RAM ya laputopu ndi yaifupi, siilowa.

Pulosesa yatsopano ya m'katoni mwa zimene ndatchulazi imabwera ndi fani yake, ndipo ndi yokwanira. Mukagula yogwirapo kale ntchito, ipendekeni padzuwa muyang'ane timapini. Pa AM4 tili pa pulosesa, pa Intel tili mu soketi ya motherboard. Kamodzi kakapindika, musalipire.

Chachinayi, graphics card

Tsopano mwafika pa chimene mtima unali kufuna. Ine ndimaika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zonse pa khadi. Pa 1080p, RX 6600 ya 8GB ndiyo ndimaitchula poyamba: inatuluka mu 2021, imadya 132W, ndipo imafuna chingwe chimodzi cha mapini 8. GTX 1660 Super ya 6GB ndi yotsikirapo koma pa mpira siivuta. RX 580 ya 8GB imapezeka yotchipa, komabe ndi ya 2017, imadya 185W, ndipo ambiri mwa makhadi amenewa anagwira ntchito usana ndi usiku kwa okumba ndalama za crypto. Palinso ina yolembedwa RX 580 2048SP, imene mphamvu yake ndi yofanana ndi RX 570 ngakhale dzina likukopa.

Khadi logwirapo kale ntchito ndi limene lingakupulumutsireni ndalama zambiri, ndiponso ndi limene anthu amaberedwa nalo kwambiri. Musaligule osaliona likugwira ntchito. Tili m'kashopu kena ku Limbe, ndinapempha wogulitsa kuti aliike pa kompyuta yake. Ndinatulutsa fulashi imene ndinaikamo timapulogalamu tiwiri taulere, GPU-Z ndi FurMark. GPU-Z imaonetsa dzina lenileni la khadi ndi kukula kwa memory yake, ndipo ikakayikira imalemba kuti ndi labodza. FurMark imalithamangitsa mpaka litenthe. Tinaima pamenepo mphindi 15, mphwanga akuyang'ana nambala ya kutentha, ine khutu lili pa mafani. Khadi loyamba litafika pamphindi 6, sikirini inayamba kuonetsa timadontho tobiriwira. Wogulitsa anati, "Bwana, ndi chingwe chabe." Tinasintha chingwe, timadontho tinabweranso. Lachiwiri linakhazikika pa madigiri 70 ndi pang'ono, mafani akuzungulira mwakachetechete, ndipo ndilo tinatenga. Wogulitsa akakana kuti muyese, tsanzikani mwaulemu muzipita.

Chachisanu, posungira magemu

Gulani SSD, chosungira chofulumira, osati hard drive, makamaka yoikapo Windows. Ya NVMe ya 500GB ndiyo poyambira, 1TB ngati thumba lilola, poti gemu imodzi yadya kale 100GB. Yogwirapo kale ntchito iyeseni ndi CrystalDiskInfo, imaonetsa maola amene yayenda ndi thanzi lake. Malo okwanira amakupulumutsiraninso bandulo, chifukwa kufufuta gemu kuti ina ilowe, n'kudzaikoperanso mwezi wamawa, ndi ndalama yotayika.

Pa Windows, kumbukirani kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 (mbali ya chitetezo ya m'kati mwa kompyuta) ndi pulosesa ya Intel kuyambira m'badwo wa 8 kapena Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. Zonse zimene ndatchula pamwambapa zimakwanitsa.

Kesi ndiyo mungatchipitse

Magalasi ndi magetsi owala sawonjezera liwiro. Ingokhalani ndi kesi yolowa mpweya kutsogolo, fani imodzi kumbuyo, ndi malo okwana kutalika kwa khadi lanu. Chimene chimavuta kuno ndi chinyontho. Chiperoni chikagwa masiku atatu, zovala siziuma ndipo makoma amachita thukuta. Kompyuta musaiike pansi pa simenti kapena kuigundiza kukhoma; ikhale patebulo, ndipo muziiyatsa pafupipafupi kuti kutentha kwake kuziumitsa mkati. Musadyere pafupi nayo, chifukwa mphemvu zimakonda kufunda kwa power supply.

Ena amafunsa za makompyuta a mu ofesi ogwirapo kale ntchito, monga Dell OptiPlex ndi HP, oti ungowonjezera khadi. Zimatheka, ndipo ndi njira yotchipa koposa zonse. Koma power supply zake ndi zazing'ono ndipo zambiri zili ndi mapulagi akeake, osasinthika ndi wamba. Mumalowa khadi losafuna chingwe chapadera, monga GTX 1650 ya 75W, ndipo kesi ikakhala yopyapyala khadilo likhale la low profile, lopangidwira makesi opyapyala. Mukafika pamenepo mwafika, simudzakwezanso.

Pokagula

Zambiri muzipeza ku Limbe ndi ku Blantyre. Funsani mitengo m'mashopu atatu tsiku lomwelo, poti zida zonsezi ndi zochokera kunja ndipo zimatsata dola; kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44% mu November 2023, mitengo ya m'mashopu inasintha nthawi yomweyo. Ngati muli ndi m'bale ku Johannesburg, angakugulireni motchipirapo, koma werengerani msonkho wa MRA ndi mtengo wotumizira, komanso dziwani kuti chikafika chakufa kubweza n'kovuta. Otsatsa pa Facebook ndi pa WhatsApp musawatumizire ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba katundu musanamugwire. Lisiti lilembedwe nambala ya chidacho ndi masiku amene mungabweze.

Musagule chimodzichimodzi miyezi isanu ndi umodzi, chifukwa masiku obwezera adzatha musanadziwe ngati chikugwira. Sungani ndalamazo, mugule pulosesa, motherboard, RAM ndi power supply ulendo umodzi. Pobwerera, katoni ya khadi ndi ya motherboard zikhale pamiyendo panu mu minibasi, osati kubuti pansi pa matumba, makamaka m'makhota a ku Thyolo.

Mphwanga anabwera ndi Ryzen 5 5600, B450 yosinthidwa kale BIOS, 16GB, RX 6600 yogwirapo kale ntchito, SSD ya 500GB, power supply yatsopano ya 550W ndi TV guard. UPS tinagwirizana kuti idikire nanazi za chaka chino. Titamanga zonse n'kuyatsa, mafani anazungulira koma sikirini inali bii. Mnyamata anagwira kumutu. Chingwe cha HDMI anali atachilowetsa pa motherboard, pamene pa Ryzen 5 5600, imene payokha siitulutsa chithunzi, chiyenera kulowa pa khadi, mmunsimo. Titachisuntha chithunzi chinabwera. Tisanaike Windows tinalowa mu BIOS n'kuyatsa XMP, imene pa motherboard za ASUS za AM4 imalembedwa DOCP, chifukwa popanda kutero RAM ya 3200 imayenda pang'onopang'ono kuposa liwiro limene munalipira.