Mphaka akamapalasa pambali pa mbale yake musamumenye, chitani izi

Amene mumaweta amphaka ndikhulupirira munaziwonapo izi. Mwamuikira kausipa kosakaniza ndi kansima m'mbale yake, wadya pang'ono, kenako waima, wanunkhiza, n'kuyamba kupalasa pansi ndi mwendo wakutsogolo, kwee kwee kwee pa simenti poti palibe dothi olo pang'ono, wazungulira mbali inayo wapalasanso, wanunkhizanso, basi n'kuchokapo kukanyambita mapazi pakhonde. Wanga wamkaziyu amachita kupalasa mpaka khoma, ndipo tsiku lina anakoka chiguduli chopukutira mapazi chija cha pakhomo n'kuvundikira nacho mbale yonse, osaonekanso. Azakhali anga anali atabwera kudzacheza, ataona anakwiya zedi, amvekere mphaka wamwano uyu, chakudya anthu akuchisowa iye akuchiyesa zonyansa, mpaka anavula patapata kuti amugende. Ndinawagwira mkono n'kuwapempha kuti azakhali chonde musiyeni kaye ndikufotokozereni. Nde zomwe ndinawauza tsiku limenelo ndi zomwe ndikufuna ndilembe pano, chifukwa amphaka ambiri amamenyedwa pa nkhani imeneyi osalakwa kanthu, ndipo zimandiwawa.

Mphaka uja sakunyoza chakudya chanu ayi. Akukwirira. Kwa iye pansi paja pali mchenga ndi masamba, nde akufotsera chotsalacho kuti fungo lisamveke patali. Khalidweli anabadwa nalo, palibe amamuphunzitsa, ngakhale kamwana ka mphaka kokulira m'nyumba ya matailosi kosapondapo kunja kamachita zomwezo. Mphaka wa pakhomoyu kholo lake ndi vumbwe, mtundu womwewo wa uja amatha nkhuku kumudzi, azasayansi amamutchula Felis lybica, kungoti amene anayamba kukhala ndi anthuwo anali a chigawo cha Middle East, ankabwera kudzasaka mbewa m'nkhokwe za alimi oyambirira. Pa chilumba cha Cyprus anapezako manda a zaka pafupifupi 9,500 momwe munthu anaikidwa pafupi ndi mphaka. Zaka zonsezo tili naye limodzi koma mtima wa kutchire uja sunamuchoke. Ndipo kumbukirani kuti vumbwe ndi kanyama kakang'ono, kamagwira mbewa inde koma nakonso kamagwidwa ndi zazikulu, nde fungo la nyama yotsala pamalo pomwe kamagona ndi ngozi, limaitana adani komanso limachenjeza mbewa zomwe kakufuna kugwira mawa.

Abale ake akuluakulu nawonso amasunga chakudya, aliyense m'njira yake. Kambuku wa ku Nyika kapena ku South Luangwa ku Zambia akagwira nyama amaikwezera mumtengo n'kuipachika pamphanda kuti afisi ndi mikango asamulande, amadya pang'onopang'ono masiku angapo. Ku America kuli puma, iye amakokera nyama pachitsamba n'kuikwirira ndi masamba, timitengo ndi dothi, amapalasa ndi miyendo yakutsogolo ngati mmene akuchitira pusi wanu kukhitchiniko, kenako amabwerera kudzadya. Nde mukaona wanu akupalasa simenti dziwani kuti nthawi zambiri akungonena kuti ndakhuta, chotsalachi chisaonekere.

Palinso china. Pakati pa zala za mapazi ake pali tizigawo totulutsa fungo lomwe ife sitimalimva koma amphaka anzake amalimva bwinobwino, nde akamapalasa amasiyanso chizindikiro choti pano ndi panga. N'chifukwa chake pakhomo pomwe pali amphaka awiri atatu, kapena pomwe amphaka a maneba amalowa usiku, kupalasa kumachuluka.

Tsopano chochita. Choyamba musayang'ane mphaka, yang'anani mbale. Wadya kapena sanadye? Nkhani yonse yagona pamenepa.

Ngati wadya n'kusiyako, ndiye kuti munamuchulukitsira basi. Ife timaweta mphaka ngati galu, kumuunjikira chimulu cha mkute kamodzi patsiku n'kumayembekeza kuti amaliza, koma kamimba ka mphaka n'kakang'ono, iye analengedwa kuti azidya mbewa imodzi, n'kugona, n'kudzagwiranso ina, ndipo mphaka womusiyira chakudya kuti azidya mwaufulu amatha kubwerera pambale kupitirira ka 10 usana ndi usiku, kungodya tochepatochepa. Nde chepetsani. Chomwe mumamupatsa kamodzi chigaweni katatu kapena kanayi, m'mawa musanapite kuntchito, masana ngati pali munthu pakhomo, madzulo, ndi pogona. Ine ndinayamba ndi kuchotsa theka, ndinaona wamaliza mpaka kunyambita mbale ndipo akulirabe kufuna china, ndinawonjezera kasupuni, mpaka ndinapeza muyezo wake. Mbale ikakhala yopanda kanthu palibenso choti akwirire. Ndipo ana kusukulu akaweruka ndi amene angakuthandizeni pa chakudya cha masanacho, amakondwa nayo ntchito imeneyi mukawaonetsa muyezo.

Akangoyamba kupalasa, nyamulani mbale mwakachetechete, osamukalipira, osamukankha ndi phazi. Mukatero mwamugwirira ntchito yomwe amafuna kugwira, chakudya chasowa, fungo latha, mtima wake wakhala pansi. Chakudya chonyowa monga nsomba yophika, zam'kati mwa nkhuku kapena cha m'chitini chisakhalitse pansi, mphindi 30 zakwana, makamaka mwezi wa Okutobala dzuwa likamaswa mtengo, pomwe ntchentche zimafika mbale isanazizire n'komwe ndipo nyerere zimachita kupanga mzere kuchokera pawindo. Chotsalacho vundikirani, ngati muli ndi furiji ikani momwemo, koma pomupatsanso chisiyeni kaye chifunde pang'ono chifukwa amphaka ambiri chozizira kwambiri samachikonda, fungo lake silimveka bwino.

Koma ngati sanakhudze n'komwe, wangonunkhiza n'kuyamba kukwirira, apo ndiye imani kaye muganize. Nunkhizani nokha chakudyacho. Mphuno ya mphaka ndi yakuthwa kuposa yathu kutalitali, nsomba yomwe inu mukuti ikadali bwino iye wamva kale kuti yayamba kusasa, makamaka magetsi akakhala kuti anathima tsiku lonse furiji n'kusungunuka. Apa akuchita zomwe amachita akadzithandiza, kukwirira chinthu chomwe sakufuna chikhale poyera, nde azakhali aja penapake sananame, kungoti si mwano, akudziteteza. Tayani, musamukakamize ndi njala. Pena vuto ndi loti mwasintha chakudya mwadzidzidzi, dzulo anali pa bonya lero mwamugulira chouma cha m'paketi ku shopu, iye sakuchidziwa. Sakanizani chatsopano pang'ono ndi chakale, muziwonjezera tsiku ndi tsiku kwa sabata imodzi, azolowera ndipo m'mimba simumuvuta.

Pa nkhani ya chakudyayi ndiloleni ndipatuke pang'ono chifukwa ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Mphaka si galu, thupi lake limafuna nyama kapena nsomba tsiku lililonse, muli chinthu china chotchedwa taurine chomwe thupi lake silipanga chokwanira, chikasowa mtima ndi maso zimawonongeka. Nsima yokha ndi msuzi sangakhale nayo moyo wabwino, nde akamasankha usipa n'kusiya nsima n'kuikwirira musadabwe, wadya chomwe thupi lake likufuna. Chulukitsani nsomba, chepetsani nsima. Ndipo patulani yake musanathire anyezi, adyo ndi mchere, anyezi ndi adyo zimawononga magazi a mphaka ngakhale zophika. Usipa kapena matemba ngati ali amchere anyikeni kaye m'madzi, n'kuwawiritsa opanda kanthu. Mkaka wa ng'ombe umene timaukhulupirira uja amphaka akuluakulu ambiri umawatsegula m'mimba, madzi abwino ndi okwanira.

Kenako onani mbale yeniyeniyo. Ambiri mphaka timamupatsa kachidebe kakale ka majarini kapena mbale ya pulasitiki yokalikakalika, yosatsukidwa sabata yathunthu, mafuta a nsomba ya dzana atakakamira m'mikwingwirima. Inu mwaika chakudya chatsopano koma iye akumva chivundi cha pansi. Pezani mbale ya chitsulo kapena yadothi yosalala, yotakata komanso yosazama, sosala yakale ya kapu ya tiyi imagwira bwino ntchito, ndevu zake zija sizikhudza m'mbali ndipo amatha kuona zomwe zikuchitika kumbuyo uku akudya. Tsukani akamaliza kudya ulendo uliwonse, ndi sopo, n'kutsukuluza bwinobwino kuti fungo la sopo lisatsale. Pansi pomwe pamakhala mbale pakolopeninso, chifukwa pena akupalasa fungo la msuzi womwe unatayikira dzulo, mbale ilibe mlandu.

Malo odyera nawo ndi nkhani. Mukamuikira panjira pomwe ana akuthamanga, galu akusuzumira pakhomo, nkhuku zikudikira kuti zijompholeko, iye amadya mothamanga mtima uli m'mwamba n'kufulumira kubisa chotsala. Mupezereni pangodya pa phee, ngati pali galu mukwezereni pamwamba, pa tebulo lakale kapena pa shelefu pomwe galu safika. Amphaka akakhala angapo aliyense mbale yake, ndipo motalikirana ndithu, osati kundandalika mbale pamzere umodzi, bwino wina adyere kukhitchini wina pakhonde osaonana. Amphaka kutchire sadyera limodzi, aliyense amasaka yekha n'kudya yekha. Ngati wanu ndi wa m'nyumba ndipo muli ndi beseni la mchenga lomwe amadzithandiziramo, lisakhale pafupi ndi mbale, olo inuyo simungakonde. Madzi akumwanso aikeni pena, patali pang'ono ndi chakudya, ambiri amamwa bwino akatero. Ndipo mukamuona akuviika phazi m'madzi kapena kugwedeza mbale ya madzi asanamwe musade nkhawa, maso a mphaka saona bwino chinthu chomwe chili pafupi kwambiri ndi mphuno, nde amagwedeza kuti aone pomwe madzi alekezera.

Wamkazi woyamwitsa ndiye amapalasa modetsa nkhawa, mpaka mungaganize kuti wapenga. Wanga atabereka ana anayi kuseri kwa matumba a chimanga, ankati akadya n'kupalasa nthawi yaitali osatopa, kukoka chilichonse chomwe chili pafupi, pepala, sokosi, jumbo, kuunjika pambale, kenako n'kuthamangira kwa ana. Akubisa fungo kuti chilombo chisalondole komwe kuli ana ake. Ameneyu musamuchepetsere chakudya ayi, woyamwitsa amafuna chambiri kuposa nthawi zonse, kungoti muzimupatsa pafupipafupi, mbale muiike chapatali ndi pomwe pali anawo, ndipo akamaliza chotsani msanga.

Musasokoneze kupalasaku ndi kuponda kuja amachita mosinthanitsa miyendo ngati mayi akukanda ufa wa mandasi, maso atatsinzina uku akulira chapansipansi kuti grrr. Kumeneko ndi kukondwa, amakumbukira mmene ankapondera mabere a amake kuti mkaka utuluke, ena amachita pambali pa mbale chakudya chikawakomera. Kunola zikhadabo pa sofa ndi nkhani inanso, imafuna chipika kapena thabwa lake.

Ngati phokoso likukusowetsani tulo, kapena akukanda matailosi ndi kapeti, yalani katoni yolimba kapena chiguduli chokhuthala pansi pa mbale, azipalasa pamenepo. Nsalu zopukutira mbale, makope a ana ndi majumbo chotsani pafupi chifukwa adzakokera mumsuzi. Koma kumenya, kumuthira madzi kapena kumugenda ayi ndithu. Iye sangalumikize chilangocho ndi kupalasa, chomwe aphunzire ndi choti pambale pamaopsa ndiponso inuyo mumaopsa, nde ayamba kuba chakudya n'kukadyera kunsi kwa bedi, kapena kusiyiratu kubwera kunyumba.

Pomwe pafunika kuchangamuka ndi apa. Mphaka wabwera pambale akuoneka kuti njala ali nayo, wanunkhiza, mwina walumako kamodzi n'kulavula, wapalasa n'kuchoka, mwasintha chakudya mwamupatsa chomwe amachikonda kwambiri koma zomwezo. Muyang'anitsitseni. Ngati akutuluka dovu, m'kamwa mukununkha, akutafunira mbali imodzi kapena akudzikanda kukamwa ndi phazi, kawirikawiri ndi mano kapena nkhama zatupa, pena ndi munga wa nsomba wabaya. Ngati akusanza, akutsegula m'mimba, akuonda, akubisala kumdima, mphuno zatsekeka ndi chimfine moti sakumva fungo, zonsezo ndi matenda osati khalidwe. Mphaka akatha tsiku lathunthu osadya kanthu pitani naye kwa dokotala wa ziweto kapena kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu, a ku Lilongwe kuli bungwe losamalira ziweto la LSPCA, musadikire kuti tione mawa, chifukwa mphaka akakhala masiku awiri atatu osadya chiwindi chimayamba kudzaza mafuta n'kuwonongeka, makamaka wonenepa, ndipo kamwana ndiye sikapirira n'komwe. Ngati akutuluka dovu lambiri, khalidwe lasintha mwadzidzidzi ndipo sanabayidwe katemera wa chiwewe, musalowetse chala m'kamwa mwake kuti muone, mutsekereni m'chipinda ana asamuyandikire n'kuitana a ziweto. Ndipo chonde chonde musamupatse Panado pomumvera chisoni, kwa mphaka ndi poizoni, ngakhale kachidutswa kakang'ono kamapha.

Wanga uja mpaka lero amapalasabe, koma kawiri katatu basi, ine n'kunyamula sosala yake kukatsuka iye n'kupita kukagona pa mkeka padzuwa. Azakhali atabweranso chaka chatha ndinawapeza m'mawa akupatula tiusipa tosathira mchere m'kasosala, amvekere aka n'ka pusi, muzimupatsa pang'onopang'ono paja sachedwa kukhuta.