Momwe mungalondolere mbiri ya timu ya baseball potsata osewera omwe inagula ndi kugulitsa

Ine ndili ndi kope la timu imodzi yokha, Boston Red Sox, ndipo ndimalemba motere.

Dulani tsamba pakati ndi mzere. Kumanzere lembani zaka zomwe timu inatenga chikho cha World Series (masewero omaliza opezera katswiri wa ligi yaikulu ya baseball ku America), kumanja mayina a osewera omwe anachoka ndi omwe anabwera. Ku Boston mbali yakumanzere imayamba mokoma: 1903, 1912, 1915, 1916, 1918. Kenako zii mpaka 2004, zaka 86 zathunthu. Mukapeza mpata wotero, suzumirani kumanja. Mu Disembala 1919 mwini timu, Harry Frazee, anagulitsa katswiri wake Babe Ruth ku New York Yankees pa madola 100,000. Ambiri amati zaka zopanda chikhozo zinali tsoka lotemberereka lobwera ndi malondawo. Ine sindivomereza, chifukwa Frazee anapitiriza kupereka osewera ena abwino ku Yankees komweko, ndipo mukawalemba onse mudzaona chomwe chinafooketsa timu.

Musathamangire kuweruza malonda tsiku lomwe achitika. Siyani mizere isanu yopanda kanthu pansi pa dzina lililonse. Mu 1990 Boston inapereka Jeff Bagwell, mnyamata yemwe anali asanasewereko mu ligi yaikulu, ku Houston Astros kuti itenge woponya mpira Larry Andersen. Andersen anangotha nyengo yomweyo n'kuchoka. Bagwell anamenya ma home run (kumenya mpira patali mpaka kuzungulira ma base onse, malo anayi omwe wosewera amapondapo kuti apeze pointi) 449 ku Houston ndipo analowa mu Hall of Fame, mndandanda wolemekeza akatswiri a baseball, mu 2017. Tsamba limenelo limandipweteka mtima ndikaliwerenga.

Chomwe ndimalimbikira kwambiri ndi ichi: lembani ngakhale malonda ooneka onyozeka. Pa 31 Julayi 2004 aliyense ankangokamba za katswiri wa Boston Nomar Garciaparra kupita ku Chicago Cubs. Tsiku lomwelo anabwera mwakachetechete Dave Roberts kuchokera ku Los Angeles Dodgers. Mu Okutobala, polimbirana malo mu World Series, Yankees ikutsogola Boston masewero atatu kwa duu, mu inning (gawo la masewero) yachisanu ndi chinayi ya masewero achinayi, Roberts yemweyo anaba base yachiwiri (kuthamangirapo mnzake asanamenye mpira) kenako n'kulowetsa run (pointi) yofananitsa. Boston inapambana anayi motsatizana, n'kukasesa St. Louis Cardinals mu World Series osagonjako ngakhale kamodzi.

Pansi pa dzina la Mookie Betts, yemwe anapita ku Dodgers mu February 2020, mzere woyamba unadzaza Okutobala wa chaka chomwecho, Dodgers itatenga chikho. Mizere ina ndikulembabe.