Momwe Mungayezere Mantha a Nyama ku Majete ndi ku Lengwe Potengera Kafukufuku wa Mimbulu ndi Moose

Aphunzitsi a ku Chikwawa ndi ku Nsanje amene amayang'anira makalabu a zachilengedwe akapita ndi ana ku Majete kapena ku Lengwe, kawirikawiri amabwerako ndi mayina a nyama zimene aona basi: njovu, njati, boo, njiri. Komatu ulendo womwewo ungathe kuyankha funso lozama, lakuti kodi chilombo chimasintha bwanji khalidwe la nyama zimene sichinazigwire n'komwe. Funsoli lafufuzidwa kwambiri m'nkhalango zozizira za ku North America ndi ku Scandinavia, pakati pa mimbulu ya kumeneko ndi moose, nyama yodya masamba ndi nthambi imene yamphongo yake imatha kupitirira makilogalamu 500. Ife a m'chigwa chino tili ndi mwayi, chifukwa ku Majete, komwe bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira mu 2003, mikango inabwezeretsedwa mu 2012, akakwiyo mu 2019, ndipo mimbulu mu 2021, pomwe ku Lengwe zilombozi sizinabwezeretsedwe, ndiye tingathe kufananiza khalidwe la nyama za malo awiriwa.

Choyamba, musananyamuke, afotokozereni ana zimene zinapezeka kumpotoko. Mimbulu ya kumeneko ndi mtundu wina, yaikulu kuposa ya ku Majete, ngakhale yonse imasaka m'magulu. Pa chilumba cha Isle Royale, m'nyanja ya Superior ku America, kafukufuku wa mimbulu ndi moose anayamba mu 1958 motsogozedwa ndi Durward Allen. Wophunzira wake, David Mech, ankatsatira gulu la mimbulu ali m'ndege yaing'ono m'nyengo yachisanu, ndipo pa moose 131 zimene mimbuluyo inazitulukira, inapha 6 zokha. Zimene zinaima chilili n'kuyang'anizana ndi mimbuluyo zinapulumuka, pakuti moose imaponda ndi ziboda zakutsogolo mwamphamvu moti ingathe kuthyola nthiti za mmbulu. Zophedwa pachilumbapo zimakhala makamaka ana ndi zokalamba. Anawo amvetse kuti kusaka kumalephera nthawi zambiri, choncho nyama zambiri zimakumana ndi chilombo n'kukhalabe ndi moyo, ndipo zimenezi ndi zimene khalidwe lake tikufuna kuliyeza.

Chachiwiri, sankhani mtundu umodzi wa nyama wopezeka m'malo onse awiri, monga nswala, boo kapena njiri. Kufananiza boo wa ku Lengwe ndi nswala ya ku Majete sikungakuuzeni kanthu.

Chachitatu ndiye ntchito yeniyeni. Gawani ana atatuatatu. Mmodzi asankhe nyama imodzi imene ikudya ndipo asaichotse maso kwa mphindi 5, wachiwiri agwire foni yoyezera nthawi, wachitatu azilemba m'kope. Nyamayo ikadzutsa mutu n'kutchera makutu, woyang'anayo anene motsitsa mawu ndipo wa foni ayambe kuwerenga masekondi, mpaka itaweramanso. Pamapeto pake muphatikize masekondi onse n'kuwagawa ndi 300, ndipo mudzapeza gawo la nthawi imene nyamayo yathera poyang'ana uku ndi uku m'malo modya. Nthawi imeneyi ndi chakudya chotayika, ndipo m'miyezi ya chilimwe, msipu ukauma, kutaya koteroko sikochepa. Mulembenso kuchuluka kwa nyama m'gululo komanso ngati imene mukuiyezayo ili pakati kapena m'mphepete, chifukwa m'gulu lalikulu nyama iliyonse imadalira maso a zinzake ndipo imadzutsa mutu pang'ono. Apa mpomwe nswala imasiyana ndi moose, yomwe nthawi zambiri imayenda yokha ndipo ilibe woiyang'anira.

Chachinayi, zazikazi zokhala ndi ana muzilembe padera, pakuti mantha amaonekera kwambiri pa izo. Ku Isle Royale anapeza kuti moose zokhala ndi ana zimakonda m'mphepete mwa nyanja ndi pa tizilumba ting'onoting'ono, ngakhale chakudya cha kumeneko chikhale chosakhutiritsa, chifukwa mimbulu siifika kawirikawiri pa tizilumbato ndipo moose ikalowa m'madzi imavuta kuigwira. Ku nkhalango yotetezedwa ya Grand Teton ku America, kumwera kwa nkhalango ya Yellowstone komwe mimbulu inabwezeretsedwa mu 1995, wofufuza wina dzina lake Joel Berger ankaliza kulira kwa mimbulu kojambulidwa pafupi ndi moose za kumeneko, zomwe zochuluka zinali zisanaonepo mmbulu. Zambiri sizinasamale n'komwe, koma zimene ana awo anali atagwidwa kale ndi mimbulu zinkasiya kudya n'kukhala tcheru kwambiri. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2001. Pambuyo pake Berger anaonetsanso kuti moose za m'deralo zinayamba kuberekera pafupi ndi misewu pothawa zimbalangondo, zomwe zimapewa malo odutsa magalimoto. Choncho pa nyama iliyonse mulembe pamene yaima: kaya ndi pamtetete, m'zitsamba zowirira, pafupi ndi dziwe, kapena pafupi ndi msewu ndi nyumba za alendo.

Zoliza kulira kwa zilombozo musazitengere. Zimasokoneza nyama, ndipo ndi ntchito ya ofufuza okhala ndi chilolezo. Ana akhale m'galimoto kapena m'kanyumba koonera nyama, monga timene tili pa maiwe a ku Lengwe, ndipo amvere zonse zimene wowatsogolera wa m'nkhalangomo akunena.

Chachisanu, yezani pa nthawi yofanana ndiponso m'nyengo yofanana. Aliyense wa kuno amadziwa kuti mu Okutobala ndi Novembala dzuwa likafika paliwombo palibe chamoyo chimene chimafuna kuchoka pamthunzi, ndiye boo amene wabisala m'zitsamba masana angakhale akuthawa kutentha osati mkango. M'mamawa ndi bwino. Ofufuza a kumpoto nawonso amalimbana ndi vuto lomweli, popeza moose imalowa m'nkhalango yowirira pothawa kutentha m'chilimwe komanso pothawa chipale chofewa chakuya m'chisanu. Pa mtsinje wa Shire kumbukiraninso ng'ona, chifukwa nyama yomwa madzi pamenepo ili ndi mdani wina amene pa dziwe laling'ono mwina palibe.

Chomaliza ndi kufananiza manambala a malo awiriwo, ndipo pano ndikupempha aphunzitsi kuti asawakonzere ana yankho. N'zotheka kuti kusiyana kudzakhala kochepa kapena sikudzaoneka, ndipo zotero si kulephera. Ku Sweden ndi ku Norway mimbulu inatsala pang'ono kutheratu m'zaka za m'ma 1960, kenako inayambanso kuswana mu 1983. Ofufuza a kumeneko, kuphatikizapo Håkan Sand, anapeza kuti patapita zaka zambiri moose zinali zisanasinthe kwenikweni khalidwe lawo, ndipo mimbulu inkazigwira mosavuta kuposa ku North America. Chifukwa chimodzi chimene amapereka n'chakuti m'mayiko amenewo alenje a mfuti amapha moose zambiri kuposa mimbulu, ndipo ambiri amasaka ndi agalu amene amaimitsa moose n'kumaiuwa mpaka mlenje atafika, moti kuima chilili kumene kumapulumutsa moose ku Isle Royale kumeneko kumaiphetsa.

Motero nyama za ku Lengwe zikapezeka kuti ndi zatcheru mofanana ndi za ku Majete, kapena kuposa, anawo afunse alonda a nkhalango za afisi ndi akambuku a m'deralo, za misampha imene amaichotsa, ndiponso za agalu a anthu osaka mozemba. Mayankhowo alembedwe m'kope lomwelo pamodzi ndi tsiku, nthawi ndi malo a muyezo uliwonse, kuti kalabu ya chaka chamawa idzathe kubwereza pa maiwe omwewo.