Tchulani chimene mwana akuyang'ana kale

Mwana akafika miyezi 9 mpaka 12, amayamba kutsatira kumene maso a wamkulu alunjika, amaloza chinthu ndi chala, kenako n'kucheuka kuti aone ngati inunso mwachiona. Makolo, kucheuka kumeneku musakunyozere. Akaloza nkhuku imene ikupalasa pakhomo, siyani kaye mbale mukutsukazo, yang'anani nkhukuyo, ndipo nenani kuti "nkhuku" maso anu ndi ake adakali pa iyo. Mu 1986, Michael Tomasello ndi Michael Farrar anapeza kuti ana amagwira bwino mawu wamkulu akatchula chimene mwanayo akuyang'ana kale, kusiyana ndi kumukokera ku chinthu china. Foni nayo muziika pambali nthawi zoterezi, chifukwa mwana akacheuka amapeza mwawerama, ndipo nkhukuyo yapita.