Momwe mungagwiritsire ntchito zithunzi za pa intaneti osadya thukuta la eni ake

Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a mbiri ofunika padziko lonse, ndiye m'pomveka kuti mwini malo ogona alendo ku Likhubula, woperekeza alendo ku Sapitwa, ngakhale wogulitsa nanazi pa Chitakale akufuna tsamba lake la Facebook lizikopa maso. Ambiri amangolemba "Mulanje" pa Google, n'kusankha chithunzi cha nsonga ya Chambe chokongola kuposa zonse, basi chalowa pa positala. Vuto lagona apa: chithunzicho chili ndi mwini, ndipo Google si mwini wake.

Lamulo la Copyright la 2016, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1989, limateteza zithunzi monga momwe limatetezera nyimbo ndi mabuku. Wojambula sachita kukalembetsa kulikonse. Akangodina batani, umwini wayamba. Komanso Malawi ali m'pangano la Berne, loteteza umwini wa luso pakati pa maiko, kuyambira 1991, kutanthauza kuti chithunzi cha mlendo wa ku Germany amene adakwera phirili n'chotetezedwa kuno chimodzimodzi.

Choyamba, dzifunseni chomwe mukufuna kuchita nacho

Kusunga chithunzi mufoni kuti muzidzionera nokha si nkhani. Kudina Share pa positi ya mwini wake, kapena kutumiza linki, nakonso kulibe vuto chifukwa anthu akubwererabe kwa iye. Mlandu umayamba mukachitsitsa, n'kuchiikanso patsamba lanu, pa positala ya ulendo wolipiritsa, pa kalendala kapena pa paketi ya tiyi.

Chachiwiri, pezani mwini

Yang'anani m'makona ngati muli watermark (chidindo cha mwini wake) kapena dzina, ndipo werengani mawu a m'munsi mwa chithunzicho patsamba lomwe chachokera. Ngati mulibe kanthu, chilowetseni mu Google Lens kapena pa TinEye, zikuonetsani masamba ena omwe chili. Pa TinEye mutha kusanja kuti chakale kwambiri chibwere pamwamba, ndipo nthawi zambiri chimenecho chimakufikitsani pafupi ndi wojambula. Njira yomweyi ikupulumutsani ku manyazi ena: kuika munda wa tiyi wa ku Kenya n'kulemba kuti "kwathu ku Thyolo". Wakwathu amadziwa mapiri ake, akusekani mu makomenti.

Chachitatu, pemphani

Apa ndi pomwe anthu amachita ulesi, chikhalirecho m'posavuta. Uthenga waufupi ukwanira:

"Muli bwanji bambo? Ine ndimaperekeza alendo kuno ku Mulanje. Ndaona chithunzi chanu cha Dziwe la Nkhalamba, ndiye ndimapempha ngati mungandilole kuchiika patsamba langa la Facebook ndi pa positala yotsatsira maulendo. Dzina lanu ndilemba pansi pake. Ngati pali kangachepe koti ndilipire, mundiuze."

Onani kuti uthengawo wanena poyera komwe chithunzi chikaikidwe komanso kuti ndi za malonda. Musabise zimenezi. Amene wakulolani kuika pa Facebook sadakuloleni kusindikiza pa matisheti. Akayankha, sungani yankholo, jambulani sikirinishoti. Chilolezo cha pakamwa chimaiwalika tsiku lomwe mwayamba kupanga nacho ndalama. Ndipo akakhala chete, si kuvomera ayi.

Mawu aja akuti "credit to the owner" kapena "chithunzi si changa" sateteza munthu. Zili ngati kuthyola nthochi m'munda mwa mnzako n'kusiyapo kalata yoti nthochizi zinali zake. Kutchula dzina n'koyenera, koma sikulowa m'malo mwa chilolezo. Kudula watermark kapena kuphimbapo ndi logo yanu ndiye kukulitsa mlandu, chifukwa zikuonetsa kuti mumadziwa.

Chachinayi, mwini akapanda kupezeka, pitani komwe adalola kale

Pa tsamba la Wikimedia Commons pali zithunzi za Mulanje zomwe eni ake adazimasula pansi pa ziphaso za Creative Commons. Werengani zilembo zake. BY ndiye kuti tchulani wojambula. SA ndiye kuti mukachisintha, chanucho muchitulutsenso pa chiphaso chomwecho. NC ikuletsa malonda, choncho ngati ndi za loji kapena bizinesi iliyonse, chisiyeni. ND ikuletsa kugawa chithunzi chomwe mwachisintha. CC0 yokha ndi yomwe ilibe zokufunsani. Pansi pa chithunzi lembani dzina la wojambula, komwe mwachitenga ndi chiphaso chake, mwachitsanzo CC BY-SA 4.0, pamodzi ndi linki.

Pa Google Images muthanso kusefa: dinani Tools, kenako Usage rights, n'kusankha Creative Commons. Koma musangokhulupirira sefayo, tsegulani tsambalo mudzionere nokha. Unsplash, Pexels ndi Pixabay nawo amapereka zithunzi zaulere, kungoti za kwathu kuno n'zochepa.

Chachisanu, jambulani nokha

Kunena zoona, kwa ife a Mulanje ndi Thyolo iyi ndiye njira yanzeru. Ena amalipira ndege kudzajambula zomwe ife timaziona tikamasukusula. Dzukani m'mamawa dzuwa lisanawawe, pukutani galasi la kamera ya foni, jambulani. Anthu akamaoneka nkhope, monga amayi othyola tiyi kapena ovina tchopa ku Chonde, apempheni kaye. Akakhala ana, funsani makolo. M'minda ya makampani funsani oyang'anira. Mukalemba ganyu wojambula, gwirizanani polemba kuti zithunzizo mudzazigwiritsa ntchito pati komanso mpaka liti, musangoganiza kuti poti mwalipira ndiye zonse n'zanu.

Nanga mwini akakupezani mwaika kale?

Osakangana naye, osamubuloka. Chotsani chithunzicho, pepesani, ndipo ngati mukuchifunabe kambiranani mtengo. Facebook ili ndi fomu yomwe mwini amadandaulirapo, ndipo tsamba lodandaulidwa mobwerezabwereza limatha kutsekedwa, otsatira onse omwe mudawasonkhanitsa n'kupita nalo. Mwini athanso kukatula nkhani kukhoti kufuna chipukuta misozi.

Chikakhala chanu chomwe chabedwa, jambulani sikirinishoti yoonetsa tsamba ndi tsiku, sungani fayilo yoyambirira yomwe ili mufoni kapena mu kamera, kenako mulembereni woikayo. Akakana, dzazani fomu ya Facebook ija, kapena funsani uphungu ku COSOMA, bungwe lomwe lakhala likuyang'anira za umwini wa luso m'dziko muno kuyambira 1992.