Kugula chakudya chosathira mankhwala popanda kuboola m'thumba

Ambiri kuno ku Mchinji akamva za chakudya cholimidwa popanda feteleza wa kusitolo ndi mankhwala opopera, amaganiza za timapaketi tokongola ta m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe. Timapaketi timeneti timadula chifukwa wogula amalipiranso pulasitiki, mafuta a galimoto ndi chiphaso chotsimikizira malimidwe ake. Chonsecho chakudya chotere chilipo pa Kamwendo, pa Mkanda ndi pa Kapiri, kungoti sichilembedwa kanthu.

Yambani ndi ndiwo za makolo. Bonongwe, luni ndi chisoso zimamera zokha m'minda nthawi ya dzinja, ndipo nkhwani, khwanya ndi kholowa zimabwera ngati mphatso pa mbewu zimene mlimi anadzala kale. Ndi ochepa amene amataya ndalama kuzipopera. Kuyambira Januwale mpaka Malichi mulu wake umatsika mtengo kwambiri, ndiye nthawi yogula zambiri n'kufutsa. Ziwiritseni pang'ono, muyanike pathandala pamalo odutsa mphepo koma osati padzuwa lowomba, zikauma gwa musunge m'zikwatu kapena m'ndowa yotseka bwino. Mu Okutobala, anzanu akamalimbirana repu wa kudimba, inu mukutendera mfutso.

Pa tomato, kabichi ndi repu m'pofunika maso. Mbewu zimenezi zimagwidwa kwambiri ndi tizilombo, choncho zimapoperedwa pafupipafupi, ndipo alimi ena sadikira masiku olembedwa pabotolo asanathyole. Tomato wokhala ndi ufa wa mankhwala pakhungu musiyeni, ngakhale akutsitsireni. Chabwino n'kupeza mlimi wa kudimba amene mungathe kumuyendera. Mufunseni mwaulemu: "Bambo, nsabwe zikagwa mumathira chiyani?" Amene amagwiritsa ntchito nimu, tsabola, phulusa kapena ombwe, umene ena amati mtetezga, amayankha mosajejema, mwinanso kukuonetsani mtengo wake. Kugula padimba pomwepo kumachotsanso phindu la mavenda.

Funsaninso za manyowa. Ena amati "ndinathira manyowa okhaokha" pamene anathira a Mbeya. Manyowa a Mbeya ndi abwino, ifenso alangizi timawalimbikitsa, koma popanga amasakanizamo feteleza wa kusitolo pamodzi ndi madeya, phulusa ndi ndowe. Musalipire mtengo wapamwamba poganiza kuti mbewuyo sinaone feteleza. A m'khola ndi a kompositi ndiwo alibe.

Mtedza ndiye chuma cha boma lino, ndipo alimi ambiri a mtedza wa mitundu ya CG7 ndi Chalimbana sauthira feteleza. Gulani pokolola, cha mu Meyi ndi Juni, mitengo isanakwere, ndipo gulani wosaswa. Pali chizolowezi choipa chowaza madzi pa makoko kuti asavute kuswa. Chinyezi chimenecho ndicho chimabweretsa chuku, chomwe poizoni wake amawononga chiwindi ndiponso amapinimbiritsa ana. Kukazinga sikumuchotsa. Mtedza wa chuku, ngakhale unalimidwa popanda dontho la mankhwala, ndi woopsa kuposa tomato wopopera uja. Gwedezani makoko: wouma bwino umalira. Wofota, wakuda ndi wowawa tayani, osapatsa ana kapena nkhuku.

Chimanga, nyemba ndi soya muzigula pagulu. Amayi a banki m'khonde mutha kusonkha, kugula matumba angapo kwa mlimi mmodzi, n'kugawana ndi ndowa. Mtengo wa thumba sufanana ndi wa kambale ka pamsika. Posunga, matumba osalowa mpweya otchedwa PICS amapha anankafumbwe powamana mpweya, kotero simufunikanso kuthira Actellic. Thumbalo limadula pogula koyamba, koma limagwira ntchito zaka zingapo mukaliteteza ku makoswe. Mbewu ikhale youma bwino musanalongedze, ndipo mumange mapulasitiki awiri a m'katiwo lililonse palokha, kenaka saka lakunja.